Za Munthu Amene Anagula Tulo ndi Theka la Malipiro

Lamulo la ntchito la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, limati wantchito asapyole maola 48 pa sabata, koma silinenapo kanthu za maola amene bwana amakhala m'mutu mwa wantchitoyo ataweruka kale. Funso loti chabwino n'chiti pakati pa malipiro ochuluka odza ndi mutu waching'alang'ala ndi malipiro ochepa odza ndi tulo lafufuzidwa mozama ku Karonga ndi mlembi wa nkhaniyi, yemwe anali wofufuza komanso wofufuzidwa, popeza ndalama zolembera munthu wina panalibe.

Boma la Karonga si lachilendo pa nkhani ya kuchepa kwa maola. Mgodi wa Kayelekera, umene kampani ya Paladin inatsegula mu 2009, unaimitsa kukumba mu 2014 mtengo wa miyala ya yureniyamu utagwa, ndipo ambiri ogwira ntchito kumeneko maola awo anatsika mpaka kutheratu popanda wowafunsa maganizo. Wofufuzidwayu amasiyana nawo chifukwa anasankha yekha, ali ndi nzeru zake zonse monga amanenera mwiniwake, kusiya ntchito ya pakampani ina kumene foni inkalira ngakhale pakati pa usiku, n'kukayamba yolemba matumba pa chigayo chopunthira mpunga wa Kilombero, kumene amalandira theka la malipiro akale koma amaweruka dzuwa lili paliwombo.

Mwezi woyamba zotsatira zinali zolimbikitsa, pakuti kuthamanga kwa magazi kunatsika ndipo ana anazindikira kuti bambo awo amatha kuseka. Koma kafukufukuyu sanaganizire achibale, amene kwa iwo mwamuna wopezeka pakhomo masana ndi katundu wa mudzi wonse. Posakhalitsa iye anasanduka nthumwi ya banja pa maliro onse kuyambira ku Kaporo mpaka ku Chilumba, mlembi wa komiti ya mjigo, ndiponso wotumidwa wa apongozi, omwe amakumbukira kuti kumalire a Songwe zitenje n'zotsika mtengo nthawi iliyonse akamuona wakhala pansi. Maudindo onsewa malipiro ake ndi mawu akuti zikomo, ndipo nthawi zina ngakhale mawuwo amachedwa.

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo theka la malipiro lija linafota kotero kuti mbalagha, chakudya cha nthochi zophika pamodzi ndi nyama chimene Angonde amanyadira, inayamba kufika patebulo nthochi zili zokhazokha. Apa m'pamene mabwana atsopano anatulukira: mwini okala amene amasunga kope la ngongole, amayi a banki mkhonde, lomwe ndi gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama, komanso wakatapila, munthu wokongoza ndalama pa chiwongoladzanja choti wokongola amaonda akungomva. Bwana wakale ankaimba foni, yomwe munthu angathe kuizimitsa n'kunamizira magetsi, pamene awa amadziwa khomo, amadziwa dzina la galu, ndipo lamulo la maola 48 siliwakhudza.

Pakadalipano wofufuzidwayu amapezeka masana pansi pa mtengo wa mango akulemba makalata ofunsira ntchito, ndipo m'kalata iliyonse amatsimikizira olemba ntchito kuti iye ndi munthu wokonda kugwira ntchito yampanipani, ngakhale Loweruka ndi Lamulungu lomwe.