Dzuwa la Okutobala lili ndi tsankho

A zanyengo akalengeza pa wailesi kuti lero Lilongwe yatentha madigiri 32, afunseni kuti Lilongwe yake iti. Pakati pa Area 47 ndi Mtandire pali mtsinje wa Lingadzi basi, tambala akalira uku amadzutsa a tsidya lija, koma mu Okutobala mungayese ndi maiko awiri.

Msuweni wanga amasamalira maluwa panyumba ina ku 47. Mwezi uno sakuweruka. Nthawi ikakwana amayambanso kusesa pomwe wasesa kale. Abwana ake mpaka anamuyamikira: "Mnyamata iwe, khama lakoli ndi losowa." Iye anangoti, "Zikomo bwana, ntchito ndimaikonda." Chomwe amakonda ndi mthunzi. Ku Mtandire kukumudikira chipinda cha malata chopanda siling'i, zenera limodzi loyang'anizana ndi khoma la aneba, moti mphepo ikabwera imasowa podzera n'kubwerera. Mtengo umatchinga dzuwa, komanso masamba ake amatulutsa chinyezi chomwe chimaziziritsa mpweya, monga mtsuko uchitira ndi madzi akumwa. Malata alibe ulemu umenewo. Akalandira dzuwa amakupatsirani lonse, sabisako.

Kumene ndimachita lendi kunali mtengo waukulu wa mango. Tsiku lina landilodi anauyang'ana kuyambira kutsinde mpaka kunsonga n'kunena kuti, "Mtengo uwu sulipira lendi." Anaugwetsa, anamangapo zipinda ziwiri, bwalo lonse n'kulithira simenti kuti fumbi lithe. Fumbi linathadi. Pano nkhuku zikamadutsa pabwalopo masana zimanyamula miyendo ngati zikuvina beni. Mwiniwakeyo mukamufuna mukampeza pansi pa mtengo wa aneba, malaya ali paphewa. Dzana mayi a pakhomopo anamufunsa mwaulemu, atagwada ndithu: "Bambo, mthunziwu muzilipira pamwezi kapena patsiku?"

Simenti, njerwa ndi phula n'zosunga mangawa. Masana zimameza kutentha, usiku n'kumabweza pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ife a m'tauni timatembenuka pamphasa mpaka mbandakucha pomwe abale athu ku Mitundu afunda kale chitenje. Mngelezi wina, Luke Howard, anayeza zimenezi ku London zaka zoposa 200 zapitazo, n'kupeza kuti usiku mumzinda mumafunda kuposa m'midzi yozungulira. Mlonda wa pagolosale yathu anazitulukira popanda chipangizo. Atatsamira khoma cha m'ma 10 koloko usiku anadzidzimuka: "Achimwene, khomali lili ndi malungo, lipite kuchipatala."

Pomwe likulu linkasamuka ku Zomba mu 1975, Lilongwe anaikonza kuti ikhale mzinda wa mitengo. Mu 2021 mitengo yambiri ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta inagwetsedwa kuti msewuwo ukule, anthu n'kudandaula. Msewu ndi wokongola, sindikana. Koma wogulitsa chimanga chowotcha wina anandiuza akudzipepeza ndi katoni: "Makalawa ndikungowononga ndalama, bwana. Ndingochiyala paphulapa, ndizingotembenuza."

Ku Freetown, likulu la Sierra Leone, mu 2021 analemba ntchito Eugenia Kargbo kuti akhale mkulu woona za kutentha kwa mzinda. Nditawauza amalume, anasiya kutafuna mtedza. "Ndiye amaliitanira ku ofesi dzuwalo?" Ndinawafotokozera kuti kumeneko akudzala mitengo ndi kuika madenga a mthunzi m'misika, ndipo ku Ahmedabad, ku India, anthu amapaka madenga laimu kapena penti woyera kuti dzuwa likamenya lizibwerera. Amalume sanayankhe. Mawa lake ndinawapeza padenga ndi chidebe cha laimu ndi tsache.

Masiku atatu anagona ngati nduna. Lachinayi kunagwa chizimalupsa, laimu yense n'kutsikira pa zitenje zomwe azakhali anayanika m'khonde. Usiku umenewo amalume anagona panja, ndipo akuti kunali kozizira bwino.