Funsani mosamala, ine ndimavomera chilichonse

Olemba mafunso a kafukufuku wa ndale amadandaula za mvula, misewu yokumbika ndi kuchepa kwa ndalama, koma woyenera kumuopa kwenikweni ndi ine, munthu waulemu. Mlendo akakhala pamkeka n'kufunsa ngati ndikugwirizana nazo zoti boma likuyendetsa bwino chuma, yankho langa ndi "eee, ndithu". Alitembenuze funsolo kuti boma lalephera, ndidzatinso "eee, ndithu", mwina n'kuwomba m'manja. Kwathu mlendo satsutsidwa asanamwe madzi. Choncho funso lambali imodzi limayeza mwambo umene agogo anandiphunzitsa, za ndale silikhudza n'komwe. N'chifukwa chake a Afrobarometer, omwe anayamba mu 1999 ndipo kuno amafunsa anthu 1,200 kudzera ku Centre for Social Research ku Zomba, amakonda kuwerenga ziganizo ziwiri zotsutsana kuti munthu asankhe chimodzi. Pamenepo ndagwidwa. Zonse ziwiri sindingavomere, ngakhale mtima umafuna.

Wina anena kuti matendawa ndi athu ife amene sukulu tinaisiyira panjira. Pepani, bambo. Ku Cincinnati, m'dziko la America, George Bishop ndi anzake anafunsa anthu ngati lamulo la Public Affairs Act la 1975 liyenera kuchotsedwa, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anapereka maganizo ake. Lamulolo kunalibe, anachita kulipeka. Atayamba kufunsa kaye ngati munthuyo ali ndi maganizo pankhaniyo, akatswiri a lamulo labodzawo anachepa kwambiri. Abale anga amenewo ndimawamvetsa: kunena kuti "sindikudziwa" pamaso pa mtsikana wonyamula tabuleti, ana ako akumvetsera, kumafuna mtima wa mkango.

Ena akuti mukatsegula khomo la "sindikudziwa", aulesi onse athawira momwemo. Zoona, ndipo woyamba kulowa ndidzakhala ine. Komabe waulesi wonena zoona amangochepetsa chiwerengero cha oyankha, pamene wakhama wopeka mayankho amakathera patsamba loyamba la nyuzipepala ngati "maganizo a Amalawi", andale n'kuyamba kutukwanirana za iye. Palinso mantha. Pomaliza a Afrobarometer amafunsa kuti mukuganiza kuti watituma ndani, ndipo anthu ochuluka ndithu amati boma, ngakhale ofunsawo anadzitchula bwinobwino pofika. Funso limenelo ndikanakonda lizibwera poyamba, kuti ndidziwe msanga amene ndikuyenera kumutamanda.