Nyali yachikasu ndi selotepi ya mwini danga

Mwini danga lino amadziwa zonse za magalimoto, makamaka akakhala pa bawo. Choncho nyali yachikasu yooneka ngati kainjini itayaka pa dashibodi ya Toyota yake, ija inachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, sanavutike. Anamatapo selotepi yakuda, nyali n'kuleka kuoneka.

Galimoto ndi imene sinamve za mgwirizanowu. Inayamba kunjenjemera ikaima pa maloboti, kupuma wefuwefu pa chitunda, ndi kumwa petulo ngati yaitanidwa ku chinkhoswe. Mayi akunyumba anangoti, "Bambo, selotepi ija mumatenso pa thanki, mwina petulo asiya kutha."

Ku galaja, mnyamata wina analowetsa kamakina m'soketi ya mabowo 16 imene ili kunsi kwa chiwongolero. Kamakinako kanalemba P0013. "Bwana, vuto lili pa njira ya magetsi oyendetsa mavavu a ekizozi," anatero. Bwanayo anangotolapo mawu amodzi, ekizozi. Anathokoza mwaulemu, n'kuthamangira kwa owotcherera a pansi pa mango, omwe anawotcherera paipi yosabooka ndi kulandira ndalama mosanyinyirika.

Chonsecho nkhani sinali ku paipi. Mu injini muli mavavu olowetsa mpweya ndi ena otulutsa utsi. Pa injini zotchedwa Dual VVT-i, nthawi yotsegukira mavavuwa imasintha malinga ndi mmene injini ikugwirira ntchito. Kompyuta ya galimoto imatumiza magetsi ku kachipangizo kotchedwa solenoid, iko kamatsegulira oyilo njira, ndipo oyiloyo amapotoza pang'ono giya la kumapeto kwa camshaft, chitsulo chimene chimatsegula mavavuwo. P0013 siitanthauza kuti solenoid yafa. Imangonena kuti magetsi sakuyenda bwino pa njira ya solenoid ya mavavu otulutsa utsi. Wolakwa angakhale solenoid, pulagi, waya kapena kompyuta yeniyeniyo.

Mkuluyu atamva zimenezi kwa anzake a pa bawo, anatolaponso mawu amodzi. Anakagula solenoid yatsopano ndi ndalama ya feteleza, n'kuimanga yekha Loweruka m'mawa ana akumuchemerera. Atamatula selotepi pang'ono kuti aone chipambano chake, nyali ija inali ikumuyang'ana.

Anabwerera kwa mnyamata uja chipewa chili m'manja. Mnyamatayo anatenga mita, n'kuyeza solenoid yakale ija. Inaonetsa ma ohm 7.4, pomwe yabwinobwino imakhala pakati pa 6.9 ndi 7.9 ikakhala yozizira. Kenako anatsatira waya ndi chala kuchokera pa pulagi kulowera ku kompyuta. Kunsi kwa chivindikiro cha injini anapeza waya wotafunidwa, timakoko ta mtedza, ndi chisa chofunda bwino chopangidwa ndi nyuzi imene munali danga lino.

"Bwana, galimotoyi imagona kuti?"

Imagona pambali pa matumba asanu a mtedza ochokera kumudzi, amene mwini wake anakana kuika m'nyumba poopa makoswe.

Kulumikiza wayayo kunatenga mphindi 10. Pofuna chokulungira, mnyamatayo anasuzumira m'bokosi lake osapeza kanthu, kenako anatambasula dzanja n'kumatula selotepi ya pa dashibodi ija. Solenoid yotsala ili pa kabati pabalaza, pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Mphaka amene mayi anabwereka kwa aneba amagona pa boneti, ndipo mpaka lero wagwira nsomba ziwiri za m'mphika.