Mmene mungathokozere m'Chizungu ngati apamwamba a ku Kuku

Ngati mumakhala ku Kuku, kufupi ndi Misisi ndi Chawama, ndipo mwatopa ndi "zikomo" wa munthu wamba, khalani pansi ndikulangizeni. Chiyambire 1964 Chizungu ndicho chinenero cha boma m'Zambia muno, ndipo tonse tikudziwa kuti apongozi ophunzira amakuyezani ndi lilime musanatulutse n'komwe chikwama.

Chilembo cha "s" n'chaulere, choncho chimwazeni paliponse. Mvula ya Januwale ikagwa usiku wonse, madzi n'kulambalala khomo lanu kukalowa kwa aneba, imani pamsewu mufuule kuti "Thanks God!" Aphunzitsi a Giredi 7 adzakuuzani kuti ndi "Thank God", ati inu mwayankhula ngati Mulungu ndi mnzanu amene wakupatsirani chenji mu minibasi. Asiyeni, malipiro awo ndiwo awawawitsa mtima. Tsiku limene madzi alowa kwanu, kwa aneba amene akubwerekani ndowa yotungira madziwo, nenani "I thanks you". Mukafuna kuti amve kulemera kwake, "Thanks you".

Pabutu ya mobile money, mtsikana akakubwezerani ndalama imene munatumiza pa nambala yolakwika, musamunyoze ndi "very much". Muuzeni "Thank you too much". Kwa eni chinenero "too much" ndi chinthu chopyola muyezo, chosafunika, ndiye kuti mwadandaula kuti mwamuthokoza mowonjeza. Palibe kanthu. Onjezani "for help me". Lamulo limati pambuyo pa "for" mneni avale "-ing", likhale "for helping me", koma zilembo zitatu zimenezo zisungeni, chaka chino zinthu zadula.

Palinso "I appreciate". Mukatero tsekani pakamwa. Mawu amenewa amafuna chinthu pambuyo pake, ngakhale ka "it" chabe, koma kukoma kwake n'kumusiya munthu ali m'malere, asadziwe ngati mwayamikira K50 imene wakukongozani kapena nsapato zimene wavala. Pa WhatsApp lembani "am greatful", "I" mumusiye kunyumba. Eni ake amalemba "grateful", koma inu ndinu "great", dziko lidziwe. Mnzanuyo akayankha "your welcome", dziwani kuti munaphunzira sukulu imodzi.

Bwalo lenileni la luso limeneli ndi kitchen party. Alangizi amaliza, ng'oma zakhala chete, mkwatibwi wawerama mpaka khosi lauma, ndiye akuitanani inu kuti mupereke "vote of thanks". Gwirani maikolofoni ndi manja awiri, muiombe katatu ndi chala. Yambani ndi "All protocols observed", ngakhale wamkulu kwambiri pamalopo ndi mayi wogulitsa chikanda. Kenako "On behalf of myself", kuti anthu adziwe kuti mwatumidwa ndi inu mwini. Ndiye muyambe "I would like to thank": amene anabweretsa mapoto, amene anabweretsa mbaula, amene analonjeza firiji koma sanaoneke. Muzingonena kuti mukufuna kuthokoza, osafika pothokozapo, mpaka nkhuku izizire m'mbale. Azakhali ochokera ku Katete, amene akwera basi tsiku lonse ndi thumba la nsawawa, auzeni "Thank you for your coming". Adzakuyang'anani nthawi yaitali, kudikira kuti mugwade ndi kuomba m'manja monga anakulererani. Musagwade. Suti ndi yobwereka.

Chizungu cholondola chisungireni alandilodi okha. Akabwera pa 1 kudzakuuzani kuti lendi yakwera, chimbudzi chikadali chodzaza, muwayang'ane m'maso n'kunena pang'onopang'ono kuti "Thanks a lot". Apa galamala ilibe banga, ndipo Azungu akawakoka mawuwa chotero amatanthauza kuti mwawapweteka. Alandilodi adzapita akumwetulira, n'kukauza akazi awo kuti wa chipinda chakumapeto uja ndalama ali nazo, Juni akwezenso.