Anandikwezetsa ndege kuti ndikayende wapansi

Kwathu munthu akamayenda wapansi amakhala ndi chifukwa: kuchigayo, kumaliro, kusikelo, kapena wangosowa ya minibasi. Ukamufunsa kuti "Ulendowu?" amakuyankha. Amene angayankhe kuti "Ndikungoyenda" timamuyang'ana kawiri, kenako timakaona ngati khola la mbuzi lili lotseka.

Ineyo moyo wanga wonse ndakhala ndikuthawa kuyenda wapansi. Malipiro anga oyamba ndinagulira njinga ya Humber, mimba itayamba kutuluka ndinasamukira pa kabaza kuti azipalasa ena. Chitukuko chimenecho. Ndiye mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Eastbourne, kumwera kwa England, atanditumizira tikiti ya ndege, ndinauza mapazi anga kuti mavuto atha. Ndinagula suti pa kaunjika, ndi nsapato zosongoka zija zoti ukaponda pa simenti anthu amatembenuka.

Tsiku lina madzulo mnyamatayo anati, "Amalume, mawa ndikupita nanu kokasangalala." Kutacha ndinavala suti. Tinakwera basi mpaka tauni ina yotchedwa Seaford, n'kutsika. Basi inapita.

"Tsopano amalume, tibwerera kunyumba wapansi."

"Basi yafa?"

"Ayi."

"Ndalama zakuthera? Usachite manyazi, ndine malume wako, ndasunga kena kake m'sokosi."

"Ayi amalume, kusangalala kwake n'kumeneku."

Kuchoka ku Seaford kufika ku Eastbourne podzera m'mphepete mwa nyanja ndi makilomita oposa 20. Izi anandiuza titafika kale pamalo poti kubwerera n'kutali, kupitirira n'kutali.

Njirayo imayenda pamwamba pa maphompho oyera mbuu, pansi pake nyanja yamchere ya English Channel ikuwinduka. Ndipo kuyerako si laimu, ndi choko. Choko chenicheni, phiri lonse. Ndinakumbuka aphunzitsi athu a Sitandade 3 amene ankasunga kachidutswa ka choko m'thumba la malaya ngati mankhwala a mtima, pamene kuno anthu akuchiponda ndi nsapato zamatope. Akuti chinapangika ndi zotsalira za tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja, zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Chimene chimachititsa kuti maphomphowo azioneka oyera nthawi zonse n'choti amagumuka: nyanja imadya pansi, pamwamba n'kugwa, choko chatsopano n'kuonekera. Mphwangayo anafotokoza zimenezi mokondwa, ine nditaima pamwamba pomwepo. Mpanda palibe. Ndinasuntha n'kumayenda kumbali ya nkhosa, poti nkhosa zakhalitsa pamalopo ndipo zikudziwa poyenera kuima.

Pa Cuckmere Haven tinapeza kamtsinje kakuthira m'nyanja. Ndinayamba kupinda thalauza. Mphwanga anati ayi, madzi a m'nyanja akwera, tikawolokere pa mlatho wa ku Exceat. Tinayenda kulowera kumtunda, kuwoloka, n'kutsikanso mpaka tinafika moyang'anizana ndi pamene tinaima poyamba paja. Nsapato zanga zinali zitayamba kukambirana ndi zala zakumapazi, ndipo zokambiranazo sizinkayenda bwino.

Apa m'pamene pamayambira zitunda zotchuka za Seven Sisters. Ukakwera chimodzi umatsika, ukatsika china chakudikira. Ndinkawerenga mumtima, poti dzina lanena kale kuti zilipo zisanu ndi ziwiri. Nditamaliza chachisanu ndi chiwiri ndinakhala pansi n'kuthokoza Mulungu. Nditakweza maso, patsogolo panga panali chitunda china.

"Iwe, ichi n'cha ndani?"

"Pepani amalume, zilipo zisanu ndi zitatu. Kugumuka kuja kunawonjezera china."

Dziko limene linabwera kudzatiphunzitsa masamu.

Koma chimene chinandizunguza mutu kwambiri si zitunda, ndi minda. Njirayi imadutsa m'malo a eni, m'mabusa a nkhosa ndi ng'ombe, mwini wake osaoneka. Pena umapeza kageti kopangidwa mwanzeru koti munthu adutse koma nkhosa ikanike. Amene anakapanga sanaganizire munthu wa mimba yanga, moti kwa kanthawi ine ndi nkhosa tinali mbali imodzi ya lamulo. Pena amaika matabwa opondapo kuti ulumphe mpanda. Tangoganizani, bambo wa ana asanu, mkulu wa mpingo, nditavala suti, ndikulumpha mpanda wa munthu dzuwa likuswa mtengo. Kwathu zikatero mawa lake uli pabwalo la amfumu, nkhuku ili m'manja. Ndinati ndisachite mwano, ndinaima n'kukuwa kuti "Odi!" Ng'ombe imodzi inadzutsa mutu. Mphwanga anayang'ana kumbali ngati sakundidziwa.

Anandifotokozera kuti ku England ndi ku Wales njira zoterezi n'zotetezedwa ndi lamulo. Mlimi akhoza kulima, kuweta, ngakhale kugulitsa malowo, koma njira ya anthu sangaitseke. Kamuvi kachikasu pamtengo kamatanthauza njira ya oyenda wapansi, kabuluu ndi yoti apakavalo ndi apanjinga adutsenso. Imene tinkayendamo ndi mbali ya South Downs Way, ya makilomita 160 kuchokera ku Winchester mpaka ku Eastbourne, ndipo alipo anthu abwinobwino, a ntchito zawo ndi magalimoto awo, amene amatenga tchuthi kuti aiyende yonse. Ufulu wokwera mapiri a eni sunabwere ndi kuseka. M'chaka cha 1932 anthu mazanamazana, ambiri a iwo ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester, anakwera dala phiri la Kinder Scout limene eni malo ankaletsa, analimbana ndi alonda, ndipo asanu anaponyedwa m'ndende. Lamulo lotsegula mapiri ndi madambo ambiri kuti aliyense aziyendamo linadza m'chaka cha 2000.

Ndinaima kaye kuti ndimvetse. Anthu kulowa m'ndende pomenyera kuyenda wapansi! Ine akanandiitana ku zionetsero zimenezo ndikanafunsa kaye ngati kuli galimoto yotitenga.

Komabe, pang'ono pokha ndinawamvetsa. Munthu amene sabata yonse watsekeredwa m'fakitale, kenako m'kanyumba kopanda bwalo, alibe munda, alibe dimba, alibe maliro a kutsidya la mtsinje oti apiteko, ayenera kufuna kwina kopita. Ife kuyenda kumatipeza tokha. Awa amachita kukufunafuna ndi mapu, atagula nsapato za mtengo woposa thumba la feteleza.

Ndili mkati moganiza zakuya chonchi, gogo wina wa imvi zokhazokha, ndodo ziwiri m'manja, anandipitirira pachitunda. Atafika pamwamba anabwerera kudzandifunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndikuona malo. Anandipatsa switi.

Pa Birling Gap pali nyumba zakale za alonda a m'mphepete mwa nyanja, zomangidwa mumzere. Zina anazigwetsa kale chifukwa phompho linafika pakhomo, zotsalazo zikudikira nthawi yawo. Chapatsogolo pali nsanja ya Belle Tout, imene kale inkaunikira zombo usiku. M'chaka cha 1999, phompho litayandikira, anainyamula yonse n'kuikankhira kumtunda mamita 17. Nsanja yamiyala anaipezera mayendedwe. Ine, mlendo wochokera kutali, ayi.

Pamenepo mphwanga anatulutsa chakudya: buledi wozizira, pakati pali tsamba. Ndinayang'ana uku ndi uku. Njira yonseyi, anthu piringupiringu, koma palibe wootcha chimanga, palibe wa mbatata, palibe ngakhale mnyamata mmodzi wa kabaza. Ndinamuuza kuti tikabweretsa njinga zisanu ndi anyamata a kwathu pamalo pano, pofika Khirisimasi tamanga nyumba ya malata kumudzi. Anati palibe angakwere. Ndinati ndikwera ine.

Chitunda chomaliza ndi Beachy Head, mamita 162 kuchokera pamadzi, phompho la choko lalitali kuposa onse a m'mphepete mwa nyanja ku Britain. Akuti malowo ndi okongola kwambiri. Ine ndinafikapo nsapato zili m'manja, tayi ili m'thumba, ndikuyenda ndi masokosi, maso ali pa Eastbourne amene ankaoneka pansipo koma osayandikira.

Usiku womwewo, mapazi anga ali m'beseni la madzi otentha, mnyamatayo anatumiza zithunzi pa gulu la banja la WhatsApp, n'kulemba monyadira kuti amalume lero ayenda makilomita oposa 20. Sipanathe mphindi zisanu foni inalira. Mlongo wanga.

"Iwe, achimwene anga wawayendetsa wapansi? Kopanda nsapato? Ngati zinthu zavuta kumeneko bwanji osanena?"

Anayesa kufotokoza za mpweya wabwino ndi za Kinder Scout, koma mayi ake anali atayamba kale kulira. Pamene ndikulemba pano, akubanja akumana kawiri, agulitsa mbuzi, ndipo akufunsa njira yotumizira ndalama ku England kuti mwanayo azikwerako basi. Ine andipempha kuti ndichitire umboni za mmene zinthu zilili kumeneko, ndipo ndavomera.