Nyumba yanga yadwala malungo

Alandilodi akwezanso lendi, ndipo chifukwa chake akuti ndi dola. Nyumbayo inamangidwa ndi njerwa zoumbidwa kudambo kuseri kwathu komweku, malata ake ndi a nthawi ya Kamuzu, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale chimbudzi chathu chokumba chimayendera mitengo ya ku Washington. Ndiye ine, pokhala munthu woganiza mwakuya, ndinapeza nzeru: kugula nyumba ya matayala. Nyumba yotere ilibe landilodi. Aneba akakutopetsa, umangoliza injini n'kusamuka ndi mapoto ali pamoto.

Ndinaipeza ku Cape Maclear, kwa mzungu wina amene anachoka nayo ku South Africa akuti akupita ku Cairo, koma chambo ndi mchenga zinamugwira mwendo. Ndi Toyota HiAce yakale yotukula denga. M'kati muli bedi, kasinki, kambaula ka gasi, ndi kabati imene chitseko chake chimatseguka chokha pa hampu iliyonse. Mwiniwakeyo analumbira kuti galimotoyo sinamuvutepo, ndipo sananame. Iye ankayenda yekha, katundu wake yense ndi kabudula ndi buku.

Koma ine ndine Mmalawi. Pochoka kunyanja ndinakweza mayi akunyumba, alamu anga, matumba a chimanga, dengu la usipa, makala, ndi gogo wina amene mpaka lero sitinagwirizane kuti ndi m'bale wa ndani. Kuchoka ku Monkey Bay mpaka pa Golomoti nyumba inayenda mwaulemu. Titangoyamba kukwera Khwekhwerere, ine n'kuponda mafuta, inayamba kunjenjemera. Kunjenjemera kwake kochokera pansi, kolowera mumpando, kokwera ndi msana mpaka kumano. Masipuni m'kabati anayambitsa kwaya. Ndikachotsa phazi, zii. Ndikapondanso, gwedegwede.

"Alamu, awa ndi malungo," anatero alamu anga, osaseka n'komwe. "Yagona kunyanja zaka zonsezi popanda neti, mumayembekeza chiyani?"

Kwathu kuno chilichonse chonjenjemera ndi malungo, ndipo aliyense amene unakhala naye pafupi ndi dokotala. Titafika ku Lilongwe ndinayamba kuyenda nayo m'magalaja. Makaniko wina, asanawerame n'komwe, anati ndi matayala, akabalansidwe. Ameneyo anali Panado: ndinalipira, mtima unakhala pansi, matenda anakhala pomwepo. Wina anati ndi mapulagi. Ameneyo anali chloroquine, mankhwala amene dziko lino linawasiya mu 1993 litaona kuti malungo akungowaseka, koma m'magalaja akuperekedwabe kwa wodwala aliyense. Apongozi anatumiza uthenga woti ndiifunditse bulangete n'kuifukiza masamba a bulugamu. Mayi akunyumba anati wodwala weniweni ndi amene anagula, ndipo malungo ake ndi aja okwera kumutu.

Chodabwitsa chinali chakuti wodwala wanga akakhala wopanda katundu, pamsewu wosalala, ankachira. Amakaniko akamuyesa pozungulira galaja ankabwera akundiyang'ana mwachifundo. "Bwana, ikuyenda bwinobwino iyi. Mwina inuyo mwayezetsa?"

Amene anayeza magazi ndi madala ena a ku Biwi, a ovolosi yosadziwikanso mtundu wake woyamba. Iwo sanagwire sipanala. Anayamba ndi mafunso.

"Chimanjenjemera n'chiyani, chiwongolero kapena mpando?"

"Mpando, madala."

"Ili pa liwiro lomwelo, mukaika nyutulo?"

"Imasiya."

"Itaima chilili, mukaponda mafuta?"

"Imangolira basi."

"Ndiye matayala aja munawalakwira, mukawapepese."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, poona kuti nkhope yanga ndi ya munthu amene Fizikisi inamudutsa patali. Tayala silidziwa ngati waponda mafuta kapena ayi, limangodziwa liwiro. Likakhala losabalansa limagwedeza pa liwiro lakelo, kaya uli m'giya kaya m'nyutulo, ndipo likakhala lakutsogolo umalimva m'manja. Injini ikamadumpha moto kawirikawiri imadziulula ngakhale galimoto itaima. Koma chimene chimanjenjemera pokhapokha galimoto ikamakoka, n'kusiya ukachotsa phazi, chimakhala panjira imene mphamvu imadutsa kuchoka ku giyabokosi kupita ku difu. Panjirapo pali propela shafiti, chitsulo chachitali chija chapansi, chimene chimazungulira pafupifupi kanayi tayala likazungulira kamodzi. N'chifukwa chake kunjenjemera kwake kumakhala kothamanga, kogwedeza mano osati mapewa.

Kenako anatchinga matayala ndi miyala, anaika nyutulo, n'kukwawira pansi. Anandikokera konko ndi malaya anga a kutchalitchi. Anagwira shafiti ndi manja awiri n'kuipotoza uku ndi uku. Kho, kho. Kumapeto kwake kuli kamtanda kachitsulo, kamene iwo amakatcha universal joint, ndipo kuzungulira kamtandako kunali fumbi lofiira, labwinobwino lokhoza kupakidwa kumaso kwa mkwatibwi.

"Mwaliona dzimbirili? Girisi inatha mzungu wanu asanawoloke Limpopo. Tinsingano ta m'katimu tikudyana tokhatokha."

Sanalekere pomwepo. Anandionetsa masipuling'i akumbuyo, amene anawongoka kalekale chifukwa chosenza bedi ndi kabati usiku ndi usana. Galimoto ya katundu imapuma ikatsitsa, koma nyumba ya matayala sitsitsa. Ndiye ukawonjezapo chimanga ndi alamu, kumbuyo kumakhala pansi, shafiti imapendekeka mosiyana ndi mmene inazolowera, ndipo kamtanda kotha kale kaja kamayamba kulira. Labala imene giyabokosi imakhalirapo nayonso inali itang'aluka. Asanamasule bawuti iliyonse analemba chizindikiro ndi choko, kuti shafiti idzabwerere mmene inalili, chifukwa akuti ukaibwezera motembenuza umachiza malungo n'kuyambitsa chibayo.

Kachilombo kapezeka, kunatsala mankhwala. Apa m'pamene ndinaona kusiyana kwa wodwala wanga ndi odwala ena. LA, mankhwala a malungo aja, kuchipatala cha boma ndi waulere. Kamtanda kaja, kachitsulo kokwana m'chikhatho, wogulitsa anatchula mtengo wake ine n'kuyamba kumva kuzizira dzuwa likuswa mtengo. Anandionetsa katsopano kenikeni, katsopano konamizira, ndi kena kozulidwa m'galimoto yakufa, kamene anakatamanda kuti mwini wake ankayenda pang'onopang'ono. Alamu anandigwira pachipumi n'kunena kuti ndapatsirana ndi galimoto.

Komatu ndili chigonere pansi paja, fumbi likundigwera m'maso, nthabwala zinandithera. HiAce yomweyi, shafiti yomweyi, ndi imene imatinyamula tsiku ndi tsiku pa M1, anayianayi pampando, ana pamiyendo, matumba kumbuyo. Kunjenjemera kumeneku tonse tinakumvapo pachitunda, kondakitala n'kutiuza kuti ndi msewu. Kamtanda kakutsogolo kakaduka galimoto ili pa liwiro, shafiti imagwa n'kulasa phula, ndipo ikhoza kutukula kumbuyo konse anthu ali momwemo. Kuyeza kwake sikufuna kompyuta kapena dola, koma miyala iwiri ndi munthu wololera kudetsa malaya. Pepala lomatidwa pagalasi lonena kuti galimoto ili bwino silinakwawirepo pansi, ndipo ndimakayikira ngati onse amene amalisainira amatero.

Pakadali pano wodwala wanga wagonekedwa pamiyala kuseri kwa nyumba, akudikira malipiro a mwezi uno. Alendo amaloledwa masana. Nkhuku ya aneba yayamba kuikira mazira mukasinki, ndipo mayi akunyumba akuti aka n'koyamba kuti galimotoyo ibweretse phindu. Gogo uja anakana kutsika, akuti bedi lake ndi labwino.

Inu amene mukwere minibasi mawa, ikakayamba kugwedeza mpando pachitunda n'kusiya pamtsetse, musayambe kuwerengera masiku amene munagona opanda neti. Muuzeni dalaivala kuti akalowe pansi akagwire shafiti. Akakuyankhani kuti ndi msewu, tsikani pa siteji yotsatira, chenji mumusiyire.