Galasi lakuthwa ku Goliati

Kuthwa kwa galasi la kamera kumayesedwa pojambula pepala la timizere takuda ndi toyera tothithikana. Pepala lotchuka pa ntchitoyi linakonzedwa ndi asilikali a m'ndege a ku America mu 1951. Kamera imakhazikidwa pa miyendo itatu kuti isagwedere, ndipo galasi lolekanitsa timizere tochuluka pa milimita imodzi ndilo limapambana. Magalasi ambiri amathwa bwino kabowo kake kakachepetsedwa, cha pa f/8.

Ku Goliati pepalalo n'losafunika, pakuti minda ya tiyi ya ku Thyolo ili kale ndi mizere yokwanira. Mlendo wa galasi lodula kuposa ng'ombe ya mkaka amagwira mame pansonga ya katsamba, mitsempha yake yonse n'kuoneka. Wothyola tiyi amene waima kumbuyo, ndi zigamba za malaya ake, amasanduka kachifunga kobiriwira kokongola ndithu. Akatswiri amafotokoza kuti galasi likatsegulidwa mpaka f/2, zakumbuyo zimasungunuka zokha. Ndi sayansi basi, palibe amene walakwa.

Eni dera nawonso amalemekeza kuthwa. Paukwati amafuna wojambula wa kamera yoona ndi nsidze zomwe, kenako amam'bwezera zithunzi kuti afufute makwinya, thukuta ndi apongozi amene anali kuwodzera. Ophunzira a ku yunivesite ya MUST, pa Ndata, amasankha foni ya ma megapixel ambiri, n'kuyatsa chosalaza nkhope tsiku lomwelo.

Galasi lomwe silinadandaulidwepo m'derali ndi limene linaloza munthu wa khomo loyandikana.